Zidindo za pa 303 yanga: ndani anapanga chiyani?

Mdzukulu wa Keyala, Coventry

Akuluakulu, ndithandizeni kuwerenga zidindo. Ndagula mfuti ya 303, Lee-Enfield No.4, kwa wogulitsa zinthu zakale zankhondo kuno ku England. Musadzidzimuke, ndi yophedwa. Mpope anautseka, bolt anaidula kutsogolo, singawombe ngakhale mutaipempherera, ndipo inabwera ndi setifiketi ya Birmingham Proof House, ofesi yoyesa mfuti. Agogo anga aamuna anali a Keyala, anapita ku Burma mu 1944, ndiye ndimafuna ana anga obadwira kunowa azigwirako chinthu cha nthawi imeneyo, adziwe kulemera kwake.

Wogulitsayo anati zonse zili pamfutiyi ndi za BSA, kampani ya Birmingham Small Arms, palibe chimene chinasinthidwa, ndipo mtengo anaukweza pa chifukwa chimenecho. Nditapukuta mafuta n'kutenga galasi lokuzira zinthu, zimene ndikuona sizikugwirizana ndi mawu akewo.

Pachitsulo chimene thabwa la paphewa limalowamo, mbali ya kumanzere, padindidwa M47C, m'munsi mwake 1944, kenako nambala ya mfuti: chilembo chimodzi ndi manambala asanu oyamba ndi 3. Mnzanga wa kuntchito, mzungu wa ku Rotherham, akulumbira kuti M ameneyo ndi Maltby, kwawo, ndipo sakufuna kumva zina. Chapamwamba pang'ono pali zolemba zosadinda koma zochita kukanda, zoonda kwambiri, FTR, F ndi 49. Pamwamba, pamene mpope wayambira, pali U wamkulu ndipo m'kati mwake muli kamuvi. Sight ya kumbuyo ndi ija yolemera, yokweza ndi kasikuluwu, ndipo ili ndi SM ndi N67. Lamba wachitsulo wa pakati, womanga matabwa, ali ndi S m'kabokosi ka ngodya zinayi. Pansi pa thabwa la paphewa pali SL ndi N74, pamwamba pake chakumapeto pali S yekha wopanda bokosi. Nambala ya pachogwirira bolt ikufanana ndi ya mfuti, koma ndikapendeketsa padzuwa ndikuona kuti pamalopo anayamba apala. Chakukamwa kwa mpope kuli BNP ndi kachisoti kachifumu, komanso 18.5 TONS.

Ndiye inapangidwa ndi ndani kwenikweni? Ngati zina si za BSA, ndizichotse n'kufunafuna za BSA? Ndipo kodi pali chidindo chimene chingandiuze kuti mfuti inadutsapo m'manja mwa a Keyala?

Bambo a Tadala, Johannesburg

Achimwene, mnzanu wa ku Rotherham mumugulire tiyi kuti mtima ukhale pansi, chifukwa mfutiyo si ya kwawo. M47C ndi BSA, fakitale yawo ya ku Shirley, pafupi ndi Solihull, pakhomo panu pomwepo. Ya Maltby ikanakhala ndi ROFM, RM kapena M wosatsatana ndi 47. Nambala nayonso ikuvomereza. Mafakitale atatu a ku Britain anagawana manambala: a Maltby amayamba ndi 1, a Fazakerley ku Liverpool amayamba ndi 2, a BSA amayamba ndi 3. Za kutsidya kwa nyanja n'zosavuta kuzindikira, chilembo chimakhala pakati pa nambala, L ngati ndi Long Branch ya ku Toronto, C ngati ndi Savage ya ku Chicopee Falls ku Massachusetts.

Pamenepa wogulitsa wanu wanena zoona, thupi la mfutiyo ndi la BSA. Kwinako wakunamizani, kapena naye sadziwa.

Musanapite patali mumvetse kaye za zilembo zitatuzi, N, M ndi S zotsatana ndi nambala. Nkhondo ili m'kati, boma la Britain linamwaza ntchito yopanga zida m'mafakitale ang'onoang'ono ambirimbiri. Chifukwa chake mukuchidziwa inu a ku Coventry: mabomba. Mu November 1940 ndege za Germany zinaphulitsa fakitale yaikulu ya BSA ku Small Heath, anthu oposa 50 anafa ndipo ntchito yopanga mfuti inaima kwa miyezi. Kuyambira pamenepo panalibe wofuna kuunjika zonse pamalo amodzi, kapena kulemba dzina la fakitale pachitsulo choti mdani akhoza kutola. Aliyense anapatsidwa nambala. N ndi kumpoto, M ndi chigawo chapakati, S ndi kumwera. BSA yokha inali ndi zitatu, M47A ku Small Heath, M47B ku Redditch, M47C ku Shirley.

N67 ndi SM pa sight yanuyo ndi Singer ya ku Clydebank ku Scotland. Inde, Singer yomweyo ya makina amene atelala amapalasa pakhonde la sitolo kwathu. Ankadziwa kusema tizitsulo ting'onoting'ono mosaphonya, ndiye anawapatsa ma sight ndi mabeneti. Ine mabeneti ndi amene ndimasonkhanitsa, ndipo a Singer oyambirira aja, a mizere inayi m'litali mwake, ndi amene amatiphetsa ndi mtengo. SL ndi N74 ndi William Sykes wa ku Horbury ku Yorkshire, kampani ya zamasewera, yopanga mabati a cricket. Odziwa kusema mtengo anawapatsa matabwa. Ku Australia zinalinso chimodzimodzi, matabwa ambiri a mfuti za Lithgow ali ndi SLAZ, kutanthauza Slazenger.

Ma S anu awiriwo si pachibale. Wa m'kabokosi ndi Savage, lamba ameneyo anachokera ku America. Savage inapanga ma No.4 oposa miliyoni imodzi pakati pa 1941 ndi 1944, olembedwa U.S. PROPERTY, ndipo zipangizo zake zinafalikira paliponse pamene ankakonzera mfuti. S wa yekha pamwamba pa thabwa sakunena za wopanga, akunena kutalika. Matabwa a paphewa anali a misinkhu inayi yosiyana ndi theka la inchi, kuti msilikali wamfupi ndi wamtali aliyense apeze lomukwana, ndipo S ndi lalifupi. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu amaona B pamalo amenewo n'kunena kuti BSA, chikhalirecho ndi thabwa lalifupitsitsa. Amaona L n'kunena kuti Long Branch, chikhalirecho ndi lalitali. Chidindo cha Long Branch ndi L ndi B zolowana, ngati chilembo chimodzi.

Tsopano zokandakanda zija, chifukwa ndi zimene zikumasulira chisokonezo chonsechi. FTR ndi chizindikiro choti mfutiyo inabwereranso kufakitale kukakonzedwa yonse, F ndi Fazakerley, 49 ndi 1949. Nkhondo itatha, mfuti zotopa ankaziphwasula mpaka kasikuluwu komaliza, kuyeza chilichonse, chotha kutaya, chabwino kuponya m'bokosi limodzi ndi zinzake za mtundu womwewo. Pomanganso, munthu ankangotola chimene dzanja lagwira, bola chapambana poyeza. Analibe nthawi yofunsa kuti lamba uyu anabadwira kuti. Bolt yanu yopalidwa ija mwina inalowa nthawi imeneyo, anaikhazika bwino pamfutiyo n'kuilemba nambala yatsopano. Sight nayonso. Mfuti zambiri za m'kati mwa nkhondo zinkatuluka ndi sight yotchipa, ina yongotembenuza ya mayadi 300 ndi 600, ina yachitsulo chopyapyala chongopinda, ndipo yolemera ya Singer ija zambiri zinailandira pokonzedwa.

Kamuvi kaja, kooneka ngati phazi la nkhuku, ndi chizindikiro cha katundu wa boma la Britain. Kakakhala m'kati mwa U ndiye kuti ndi Union of South Africa, dzina la dziko lino kuyambira 1910 mpaka 1961. Kuno timaziona tsiku ndi tsiku. M'kati mwa C ndi Canada, pakati pa D awiri ndi Australia, pakati pa N ndi Z ndi New Zealand. Timivi tiwiri toyang'anizana nsonga ndi nsonga ndiye kuti boma linaigulitsa. BNP si ya usilikali n'komwe, ndi ya Birmingham Proof House pamene mfutiyo inayesedwa kuti igulitsidwe kwa anthu wamba.

Mukaziika mu ndondomeko yake, mfuti yanu inapangidwa ku Shirley mu 1944, inakonzedwa ku Liverpool mu 1949, inakhalapo ya boma la South Africa, inabwerera ku England m'manja mwa amalonda, kenako inaphedwa. Ine sindingachotsepo kanthu. Mukachotsa lamba wa Savage n'kuikapo wa BSA wogula pa intaneti, FTR ija ikhalabe pomwepo, ndipo wodziwa akangoiona adzadabwa kuti mfuti yodutsa ku Fazakerley yakhala bwanji ya BSA yokhayokha. Zimene zilipozo anaika ndi anthu a boma pantchito yawo. Zimene mungaike inu zidzakhala za ku Coventry, za chaka chino.

Sajeni Wopuma, Zomba

Mwanawe, Bambo a Tadala akuuza zoona. Ine za manambala a mafakitalezo ndaphunzira lero, ngakhale ndinakhala zaka zambiri m'nyumba ya zida. Ife sitinkawerenga zimenezo. Pamene ndinkalowa usilikali 303 inali itayamba kusiyidwa, koma zinalipo, ndipo zina zinali zolembedwa DP ndi zilembo zikuluzikulu, zophunzitsira perete basi, zoletsedwa kuikamo chipolopolo. Chimene tinkayang'ana ndi nambala ya pamfuti ndi ya pa bolt. Tsiku lotsuka, anyamata atayala ma bolt pabulangete limodzi, wina akangotola ya mnzake ankathamanga mpaka dzuwa kulowa. Sikunali kuzunza. Bolt iliyonse inakhazikidwa pamfuti yakeyake, ndipo ya ina ikhoza kutseka bwinobwino koma osagwira mofanana mbali zonse ziwiri.

Yang'ana kamutu ka bolt, kaja komasula ngati sikuluwu. Pa No.4 kamakhala ndi nambala, 0, 1, 2 kapena 3. Ameneyo si wopanga, ndi kutalika kwake. Mfuti ikayamba kutha, mpata wa kumbuyo kwa chipolopolo umakula, ndiye tinkayeza ndi geji n'kuikapo kamutu kotalikirapo. Ukapeza 3, kawirikawiri ndiye kuti mfutiyo inagwira ntchito. Kaya pa yakoyo anasiyako chiyani podula, uona wekha.

Za agogo akozo, usafulumire. Mabataliyoni a kuno a Keyala (King's African Rifles), 1 KAR ndi 2 KAR, ndi akale, Keyala inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo 1 KAR ndi imene inasanduka Malawi Rifles mu 1964. Pa zaka zonsezo anagwira mfuti za mitundu ingapo. Ngati kwanu kuli chithunzi cha agogo atanyamula mfuti, yang'ana kukamwa kwake. Ikakhala yobuntha, thabwa ndi chitsulo zafika mpaka kumapeto, mpope osaonekera, imeneyo ndi No.1 Mk III, imene ambiri amati SMLE, ndipo sight yake ili pakati pa mpope. Mpope ukatulukira kutsogolo ngati chala, sight ili kumbuyo pafupi ndi diso, ndiye No.4 ngati yakoyo. Beneti nayo imanena. Yaitali ngati chikwanje ndi ya SMLE, yaifupi ngati msomali ndi ya No.4.

Ukadzabwera kumudzi udzafike ku Zomba, udzawaonetse anawo chipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks.

Nachisale, Leeds

Ine ndisiyana nawo pang'ono Bambo a Tadala. Zoti musasinthe kanthu ndikuvomereza, koma nkhani ya ndalama isakwiriridwe ndi mbiri yokomayi. Pamsika, mfuti imene sinadutse FTR, imene zonse ndi zimene inatuluka nazo m'fakitale, imadula kuposa yokonzedwa, ndipo inu munalipira mtengo wa yoteroyo. Bwererani kwa wogulitsa ndi zithunzi za N67, N74 ndi S wa m'kabokosi. Musakakangane naye za matabwa ndi sight, chifukwa adzakuuzani kuti BSA yomwe inkalandira zipangizo kuchokera kwa ena, ndipo adzakhala akunena zoona. Mfuti yongotuluka kumene ku Shirley inkatha kukhala ndi thabwa la Sykes. Kakamirani pa FTR ndi bolt yopalidwa. Zimenezo sangazikane.

Chachiwiri, poti mwatchula zogula zipangizo. Kuno matabwa, malamba ndi ma sight mukhoza kugula popanda chilolezo, koma mpope, bolt ndi thupi la mfuti zosaphedwa zimafuna setifiketi ya mfuti ngati mfuti yamoyo. Musaitanitse bolt ina kuti ioneke bwino, mungadzione muli m'manja mwa apolisi. Setifiketi ya Proof House muisunge pabwino, ndipo mupeze chidindo chake pamfutipo, malupanga awiri opingasa ndi DA ndi chaka. Kuyambira kumapeto kwa 2019 palinso lamulo lodziwitsa Home Office, unduna wa za m'dziko, mfuti yophedwa ikasintha mwini, ndiye mufunseni wogulitsayo ngati anatero. Ndipo chonde, maganizo oiika m'sutikesi kuti akaione a kumudzi asakubwerereni. Wa pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport adzaona mfuti, sadzaona setifiketi ya ku Birmingham.

Mukadzapeza mpata bwerani ku Royal Armouries, nyumba yoonetsera zida zakale, kuno ku Leeds, kulowa n'kwaulere.

Bambo a Tadala, Johannesburg

Achemwali mwanena bwino, za ndalamazo ndagonja.

Funso lachitatu lija ndinalidumpha. Chidindo chonena kuti mfuti inali ya Keyala, pa No.4 musachiyembekezere. SMLE zakale zinali ndi kachitsulo kozungulira ka mkuwa kumanja kwa thabwa la paphewa, pamene ankadindapo dzina la gulu ndi nambala ya pashelefu. No.4 inapangidwa yopanda kachitsulo kameneko. Ndiye wina akadzakuonetsani No.4 ya kamkuwa konyezimira kolembedwa KAR, gwirani chikwama chanu. Ngakhale pa SMLE, kamkuwako kamamangidwa ndi sikuluwu imodzi yokha, ndipo zidindo za zilembo zimagulitsidwa m'sitolo ya hardware iliyonse. Ine ndimayang'ana ngati dothi la m'zilembo ndi lofanana ndi la m'mphepete, komanso ngati mutu wa sikuluwu uli ndi mabala atsopano.

Achinyengo amakonda M47C pa chifukwa china. Mfuti zambiri za alenje a adani (ma sniper), No.4 T, zinasankhidwa pa za BSA Shirley n'kutumizidwa kwa Holland & Holland ku London, amene nambala yawo inali S51. Yeniyeni imakhala ndi TR pachitsulo chija munapezapo M47C, T pakhoma la kumanzere, ndi S51 pansi pa thabwa. Popeza mtengo wake ndi wowirikiza kangapo, anthu amadinda okha zilembozo pamfuti wamba. Zina ndi za ku Darra Adam Khel ku Pakistan, zosula pamanja, zokopera ndi zidindo zomwe. Zimagwidwa ndi tizinthu ting'onoting'ono: N wa ENFIELD wotembenuka, kapena VR ya Mfumukazi Victoria pamwamba pa chaka ngati 1915, pamene mayiyo anamwalira mu 1901.

Mawu a Sajeni a chithunzi aja muwatsatire. Ishapore ku India ndi Lithgow ku Australia sanapangepo No.4, anapitiriza SMLE nkhondo yonse, ndiye kumbali ya India ndi Burma SMLE zinali zambiri. Pa SMLE wopanga mumamupeza mbali ya kumanja, pansi pa chogwirira bolt: chisoti chachifumu, GR, dzina la fakitale, chaka. Ya Ishapore ya nthawi ya nkhondo imakhala ndi GRI, ndipo za pambuyo pa ufulu wa India zili ndi RFI. Tizidindo ting'onoting'ono ta oyendera ntchito natonso timathandiza, kachisoti, nambala ya woyenderayo, ndi chilembo pansi: E ndi Enfield, B ndi Birmingham, X ndi London Small Arms.

Mdzukulu wa Keyala, Coventry

Zikomo nonse, makamaka inu a Sajeni. Kamutu ka bolt anakadula mopendekera koma nambala yatsala, ndi 2. DA ndi malupanga ndazipeza pafupi ndi U uja. Ndachotsanso magazini, pansi pake pali nambala ya mfutiyi yochita kukanda ngati FTR ija, ndipo kumsana kwake kuli L ndi B zolowana. Ndiye Canada nayo ilimo.

Wogulitsa ndamulembera monga munanenera, Achemwali, ndatchula FTR ndi bolt basi. Wayankha kuti abweza kagawo ka ndalama kapena andipatse beneti ya msomali. Wanditumizira chithunzi chake, ili ndi N56 ndi PSK. Bambo a Tadala, ameneyo ndi ndani, ndipo ndilandire beneti kapena ndalama?

Chithunzi cha agogo chili kwa azakhali ku Ntcheu, m'felemu pamwamba pa kabati. Ndawapempha kuti mdzukulu wawo achijambule ndi foni, ayandikitse kwambiri kukamwa kwa mfuti. Ati adikire Loweruka mnyamatayo akabwera kuchokera kusukulu.

Bambo a Tadala, Johannesburg

N56 ndi Prince-Smith & Stells a ku Keighley, opanga makina a mafakitale a nsalu. Mabeneti awo alipo ambiri ndipo ndi otchipa, koma ndi oyenera mfuti ya 1944. Mufunseni kaye kuti ndalamazo ndi zingati. Zikakhala zoti mungagule nazo mabeneti awiri otero, tengani ndalama. Ngati mutenge beneti, ibwere ndi chimake, ndipo muone kuti kabatani kake kakudinikizika, chifukwa tambiri tinagwira dzimbiri m'kati.